Nyali ya Njinga ya Achimwene

4 Juni

Achimwene,

Lero kwacha ndi nkhungu. Nditatsegula zenera sindinaone ngakhale mpanda wa kuseri, koma phokoso lonse limamveka bwinobwino: madzi akudontha pamalata, wina akukhosomola kumpopi, galu wa aneba akukoka tcheni chake, ndi makina a amayi amene ayamba kulira kusanayere chifukwa ali ndi mayunifolomu oti apereke Lolemba. Moni achimwene. Ife kuno tili bwino, kaya inu kumeneko? Adalaivala a lole amene amatitengera makalata anyamuka mawa, ndiye ndikulemba mothamanga.

Poti lero ndi Loweruka, njinga yanu yamoto ndailiza monga munandiuzira tsiku limene munkapita. Chichokereni inu sindinadumphitse Loweruka ngakhale limodzi. Ndimachotsa chinsalu chija, ndimapukuta thanki, ndimatsegula mafuta, kenako n'kuponda kiki. Ikalira ndimakhala pamwamba pake ili chiimire mpaka injini itenthe. M'shedi monse mumanunkha ngati malaya anu akale a ntchito, ndipo ndimachedwa dala kutsegula chitseko.

Koma lero yandivuta. Ndaponda mpaka thukuta, kunja kukuzizira chonchi. Italira, nyali yake imangoyaka ngati kandulo. Ndikawonjezera moto imawala, ndikasiya imafooka.

Mukumukumbukira Mbuu, mnyamata wa ku bekari amene amakhala ndi ufa mpaka m'nsidze? Amadutsa kuchokera kuntchito, wamva ndikulimbana nayo, wasuzumira pampanda.

"Iwe Phee," akutero, "njinga si wailesi yoti uziyatsa n'kumamvera. Batire ikufa imeneyo. Imafuna msewu."

Ndamuuza kuti munandiletsa kuitulutsa.

"Anakuletsa uli kamwana. Akadzaipeza yakufa udzati chiyani? Udzangoti phee?"

Waseka yekha, ufa n'kumagwa kumutu. Mbuu ndi munthu yekhayo amene amandiyankhulitsa. Kusukulu dzina limene munandipatsa lija lakhazikika, moti aphunzitsi atsopano a masamu akuyesa kuti ndi langa lenileni.

Achimwene, munati mubwera chaka chatha. Kenako munati nyengo yozizira ino. Yafika. Kodi mubwera? Ndikawafunsa amayi amangodula ulusi ndi mano n'kunena kuti ntchito ndi ntchito. Munati mukadzabwera mudzandiphunzitsa kuyendetsa miyendo yanga ikadzayamba kufika pansi. Tsopano ikufika, yonse iwiri.

Ndine mng'ono wanu,
Phee


18 Juni

Mwana wanga,

Ndikupatsa moni. Ndikhulupirira kuti maso ako sakuvuta ndi moto wa zowotchererawo. Uzivala magalasi aja, usamachite matama. Sabata yatha sitinalembe, pepa.

Usadzidzimuke ndi zimene ndilembe apa. Mng'ono wako anagwa ndi njinga yako usiku wa Loweruka lapitali, ali ndi mnyamata wa ku bekari uja. Wangokalika apa ndi apo. Madokotala amusunga kuti azimuona. Ukuwadziwa anthu a kuchipatala, munthu kungoyetsemula amupatsa bedi. Ine ndikugona komweko masiku ano chifukwa mwanayu chakudya chawo sachifuna. Makina ndafunditsa kaye nsalu, eni zovala adikire.

Usayerekeze kupempha tchuthi. Unandiuza wekha kuti akapitawo ako, munthu akangochoka amalowetsa wina tsiku lomwelo. Nyumba ino ndi sukulu ya mwanayu zatsamira pa iwe, ndipo tsopano uli ndi zina zokuyang'anira kumeneko. Nkhani yako ija sindinamuuze. Ndi iwe woyenera kumuuza, koma osati pano. Ukudziwa mmene amawerengera masiku a kubwera kwako.

Khala komweko, gwira ntchito. Kuno kuli ine.

Mayi ako


18 Juni

Achimwene,

Moni. Za ine amayi alemba kale. Ine ndilemba za njinga, chifukwa munaisiya m'manja mwanga.

Loweruka lija inakaniratu kulira. Ndinaponda m'mawa, ndinaponda masana, osayankha. Ndinakhala pansi m'shedi ndikuganiza kuti mudzabwera, mudzaponda kamodzi, kenako mudzandiyang'ana. Madzulo ndinapita kukamuuza Mbuu.

"Ndinakuuza ine," anatero. "Tiikankhe, ilire, tiithamangitse pang'ono batire idye. Mawa idzakhala ikulira ndi chala."

Tinagwirizana za usiku chifukwa masana amayi akanationa, ndiponso mapepala ake anatha kalekale. Amayi atagona tinaitulutsa mwakachetechete, tinaikankha mpaka kutsetsereko kwa kumsika. Mbuu anakwera, ine ndikukankha, ndipo inalira. Chisoti chanu anandiveka ine. Anati mutu wake ndi wouma kale ndi moto wa uvuni, pomwe wanga uli ndi mayeso.

Sindikunamizani, achimwene, poyamba zinali zokoma. Mphepo imandilowa m'malaya, masitolo otseka akudutsa mmodzimmodzi, ndipo ndinakuwa mokweza, ine amene. Mbuu anatembenuka n'kuti, "Aa, kani uli ndi pakamwa?"

Titapitirira magetsi omaliza a m'tauni ndi pamene vuto la nyali lija linaoneka. Mbuu akachepetsa liwiro, kutsogolo kumada bii. Akawonjezera, msewu umaoneka. Ndiye kuti tione, timayenera kuthamanga. Ndinamuuza kuti tibwerere. Anati, "Tikhotere pamlatho paja, pali malo." Tisanafike pamlatho pali kona. Pakona munthu amachepetsa, ndipo atachepetsa nyali inafooka. Okonza msewu anali atasiya mulu wa miyala m'mbali. Tinauona titafika kale.

Njinga ili kupolisi. Sindinaione, koma wapolisi amene anabwera kudzandifunsa mafunso akuti nyali inasweka yonse ndipo kutsogolo kunapindika. Mbuu ali m'wodi ina.

Pepani, achimwene. Ndinkafuna mudzaipeze yamoyo. Ngati mwakwiya, ndikalipireni m'kalata, koma musangokhala chete.

Phee


22 Juni

Iwe Phee,

Moni mphwanga. Ine ndili bwino, kungoti ntchito yachuluka, tikumanga matanki akuluakulu ndipo tikuweruka mdima utagwa. N'chifukwa chake kalata yako ya nkhungu ija sindinayankhe.

Ndiye munthu wosayankhula uja wakayankhula ndi miyala? Nditawerenga kalata ya amayi mtima unakhala pansi, nditawerenga yako ndinaseka mpaka mnzanga wa chipinda choyandikana anagogoda khoma. Akatswiri awiri, wina wa buledi wina wa masamu, kuthamangitsa njinga kuti aone njira! Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti muchotse batireyo mukaitchajitse kwa amakanika. Koma kukwiya ayi, sindinakwiye. Ndinagwa nayo inenso njinga imeneyo usanayambe kumera ndevu, ngati zayamba n'komwe.

Tsono tamvera. Mukakaitenga kupolisi uyang'ane izi, undilembere. Kodi mafoloko ogwira tayala la kutsogolo apindika onse awiri kapena imodzi? Thanki yabooka? Ukaiimika n'kuiyang'ana kumbuyo, matayala ali pamzere umodzi? Ngati felemu ili bwino, zina zonse ndi masewera. Ndawapatsa adalaivala kaphukusi, muli nyali yatsopano. Ndazungulira masitolo ambiri kuti ndipeze yofanana ndi yakale ija. Uike wekha, ndi mawaya atatu basi, uphunzirepo.

Zokalikazo upake mankhwala, ubwerere kusukulu, usapezerepo mwayi wogona. Mbuu umuuze kuti ndikadzabwera adzandipatsa buledi waulere mpaka kukalamba.

Zobwera chaka chino, mphwanga, iwala kaye. Pali zina kuno zimene ndidzakuuza bwinobwino tsiku lina. Iwe konza njingayo, uziilizabe Loweruka.

Mkulu wako


25 Juni

Achimwene,

Moni. Kaphukusi kanu kafika. Adalaivala anakasiya kunyumba, amayi abwera nako kuno osadziwa kuti muli chiyani. Ndamasula pabedi, anthu onse a m'wodi akuyang'ana, poganiza kuti ndi zakudya. Bambo a bedi loyandikana ataona nyaliyo anati, "Mphwanga, imeneyo tikumangirire kutsogolo kwa bedi, uziona poyenda." Wodi yonse inaseka. Amayi sanaseke. Anatuluka, akuti akukatsuka kapu, kapuyo ili yotsuka kale.

Tsopano apita kunyumba kukasamba, ndiye ndikulemba iwo kulibe. Kalatayi ndimupatsa mnyamata wokolopa kuti akawapatse adalaivala pamanja.

Mwafunsa za mafoloko, za thanki, za felemu. Za mwendo wanga simunafunse, chifukwa simunauzidwe. Ndikudziwa zimenezo, koma ndawerenga kalata yanu kangapo kufunafuna funso limodzi lokha la ine, osalipeza.

Sindinakalike, achimwene. Mwendo wanga wamanzere unathyoka pawiri, fupa linatulukira kunja. Andichita opaleshoni ndipo pali zitsulo zimene zalowa m'fupa n'kutulukira panja, zomangidwa ku ndodo yachitsulo. Sindingatembenuke ndekha. Pokodza amandibweretsera botolo, amayi n'kutchinga ndi nsalu. Adokotala akuti ndidzayenda, koma akanena zimenezo amayang'ana pepala, osati ine. Mayeso a teremu ino andipita.

Mbuu sanatsegule maso mpaka lero. Chisoti chinali kumutu kwanga. Azakhali ake amabwera kudzaima pakhomo la wodi yathu, amandiyang'ana n'kubwerera.

Usiku uja sindinakomoke. Ndinagwera m'ngalande chagada, mwendo utaloza kumene mwendo suloza. Njinga inali pamwamba pa msewu, ikulirabe, kenako inazima. Ndinaitana Mbuu, osayankha. Ndinamva madzi akuyenda pansi pa mlatho, ndi achule. Kenako ndinayamba kuitana inu. Sindinaitane amayi, amene anali pafupi. Ndinaitana inu, ngati kuti mukanatha kumva kumeneko, mpaka mawu anatha. Anatipeza ndi a galimoto yonyamula buledi, kukuyamba kuyera. Anamuzindikira Mbuu chifukwa cha nsapato.

Njinga ija sindinkaisamala chifukwa chokonda njinga. Ndinkaganiza kuti ikamalira, ndiye kuti muli ndi chobwerera. Pano siliranso, ndiye ndingonena poyera. Bwerani. Sindikufuna nyali, sindikufuna mawaya atatu. Bwerani mudzakhale pampando uwu umene amayi amagonapo chokhala.

Phee


27 Juni

Achimwene,

Moni. Kalata imene ndinatumiza Loweruka muiwale, chonde.

Mnyamata wokolopa uja pakamwa pake sipatseka, anawauza amayi. Ndimayembekeza kuti andikalipira, koma anangokhala pansi n'kuvula mpango kumutu. Anati, "Wachita chiyani, mwana iwe?" Kenako anandiuza zonse. Akuti muli ndi mkazi kumeneko, ndipo ndi woyembekezera, masiku ake sali kutali. Akuti mukachoka pantchito simudzaipezanso.

Ndinawafunsa chifukwa chimene nonse munandibisira. Anati, "Ukanamva kuti ali ndi banja, ukanaleka kudya. Timakuona, iwe, ngakhale suyankhula." Ndinafuna kuwatsutsa koma mwina akunena zoona. Usiku wonse ndinali kuganiza za munthu amene sindikumudziwa nkhope, amene amakuonani tsiku lililonse. Poyamba ndinamuda. Kutacha ndinapeza kuti sindikumudanso, ndikungomusirira.

Musabwere. Mwendo ukupola, dzulo andikhazika tsonga. Amayi alipo. Ndinalemba zija chifukwa cha ululu, ndipo anthu anandiseka. Mafoloko ndidzayang'ana ndikatuluka, ndidzakulemberani zonse monga munafunsira. Mupereke moni kwa alamu anga.

Phee

2 Julayi. Kalatayi yakhala pansi pa pilo sabata yonse kudikira lole. Lole yabwera lero, koma adalaivala akuti simunawapatse kanthu. Akuti munawerenga kalata yanga muli chiimire pageti, munaipinda, n'kulowa osatsanzika. Achimwene, ngati ndakulakwirani, nenani.


6 Julayi

Alamu,

Moni. Simukundidziwa, ndine mkazi wa akulu anu. Ine ndimakudziwani kwambiri, chifukwa m'nyumba muno dzina lanu limatchulidwa kuposa langa.

Kalata yanu yoti asabwere yafika lero, koma akulu anuwo anakwera basi dzulo m'mawa. Asemphana nayo panjira. Pepani kuti ndatsegula, ndimaopa kuti mwina muli uthenga woipa.

Ndikuuzeni mmene zinakhalira, chifukwa iwo sadzakuuzani. Tsiku limene analandira kalata yanu ya mwendo ija sanadye. Anatulutsa makalata anu onse m'chikwama n'kuwayala pabedi, kenako anakhala pansi atagwira mutu. Anati, "Mwana ali ndi zitsulo m'mwendo, ine ndikumutumizira nyali." Anabwereza mawu amenewo mpaka ndinawagwira pakamwa. Sanakulembereni chifukwa akuti analemba kale zopusa zokwanira.

Sabata yonse akhala akupempha tchuthi. Akapitawo anati, "Geti ndi lomwelo, ukatuluka usadzagogode." Anabwera kunyumba n'kundiyang'ana pamimba. Ndinaona kuti munthuyu akhala kuno ndi thupi lokha. Ndiye ndine ndinawalongedzera chikwama, alamu, musadziimbe mlandu. Sindinama kuti ndilibe mantha. Miyendo yatupa, usiku ndimadzuka kawirikawiri, ndipo kuno ndilibe wachibale. Mayi wa nyumba yoyandikana wati azigona nane.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Mundilembere inu ngati afika bwino, ndi mmene akuonekera. Iwo akalemba amangoseka, ndipo munthu sudziwa chimene chili pansi pake. Inu akuti mumaona zonse.

Mupole msanga. Mwanayu akufuna adzapeze bambo ake aang'ono akuyenda.

Mlamu wanu


16 Julayi

Alamu,

Moni. Ndikhulupirira kuti miyendo yaphwa ndipo mayi woyandikana nanu uja akugonabe kwanu. Achimwene anakulemberani sabata yatha, ndipo ndikudziwa kuti analemba zoseketsa, chifukwa ndimawaona akuluma cholembera. Izi ndi zanga, monga munapempha.

Anafika Lachisanu la sabata yatha masana, nthawi yoona odwala. Ine ndinali nditatembenukira kukhoma chifukwa amayi anali atapita kukagula sopo ndipo sindimayembekeza munthu. Ndinamva wina akufunsa anamwino dzina langa lenileni, limene palibe amalitchula. Nditacheuka ndinaona munthu wowonda, wa fumbi m'tsitsi, manja odzaza timabala ta moto. Ndinali nditakonza mawu ambiri zaka zonsezi, ndimawanena ndekha m'shedi. Onse anathawa.

Anaima kumiyendo kwa bedi. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana zitsulo za m'mwendo mwanga nthawi yaitali, anagwira nati imodzi ndi chala, n'kunena kuti, "Amene anamanga izi ndi mmisiri." Kenako anakhala pansi pasimenti, nkhope n'kuibisa m'bulangete langa. Bambo a bedi loyandikana, amene sasowa chonena, anatembenukira kwina. Ine ndinaika dzanja pamutu pawo. Tsitsi lawo layamba kuyera pang'ono pamwamba pa khutu, kaya munaona.

Kuyambira tsiku limenelo ndi iwo amandinyamula, amandisambitsa, amataya botolo. Akudya bwino, musadandaule. Koma usiku sagona. Amaima pazenera kuyang'ana kumsewu waukulu, ndipo lole ikadutsa amaitsatira ndi maso mpaka itazimiririka. Kuyang'ana kumeneko ndikukudziwa, alamu. Ndakhala ndikuyang'ana choncho ine.

Ndiye dzulo ndawauza kuti Lamulungu la mawa lino ayi, koma linalo, akwere ndi adalaivala abwerere kwa inu. Anati, "Wayamba liti kulamula akulu ako?" Ndinati kuyambira pamene ndinakhala bambo wamng'ono. Anaseka, kenako anati kumeneko kuli malo ena owotcherera, akayesa mwayi. Sindikudziwa ngati adzapeze ntchito. Sindikudziwanso kuti ndidzawaona liti. Koma ndawauza kale adalaivala kuti asunge malo kutsogolo.

Za amene abwerera kunyumba ndi izi. Mbuu anatsegula maso sabata yatha. Mawu ake oyamba anafunsa ngati wina anatulutsa buledi mu uvuni. Dzanja lake lamanja silikufumbata, ndipo ku bekari analemba kale munthu wina, ndiye atamutulutsa Lachitatu azakhali ake anamutengera kwawo. Pochoka anadutsa pabedi langa, sanakwiye nane, koma sanaseke. Ine anditulutsa Lachinayi, zitsulo zidakali m'mwendo, ndi ndodo ziwiri zimene sindinazizolowere. Amayi abwerera pamakina awo, ndipo eni zovala ena anadikira, ena anakatenga nsalu zawo. Achimwene anandinyamula kuchokera pagalimoto mpaka m'chipinda. Bedi lawo lakale lija andipatsa ine chifukwa ndi lalifupi kukwera, iwo akugona pansi pambali panga. M'nyumba muno tilimo atatu mpaka Lamulungu linalo.

Ndine mlamu wanu,
Phee